Mawaya pa Denga la Wallace

Misuku, Chitipa
9 Meyi 1976

Okondedwa achemwali a Esnat,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu a Timothy ndi ana. Ife kuno tilipo. Flora akupereka moni. Grace wayamba kuyenda, ngakhale dziko lino si la munthu wophunzira kuyenda: ukangotuluka pakhomo, kapena ukukwera kapena ukutsika.

Kusukulu zili monga kale, ana ambiri, choko chochepa. Koma chondilembetsa kalatayi si sukulu. M'kabati ya ahedi ndinapeza buku lachingerezi lopanda chikuto, limene chiswe chinadya mpaka pakati n'kutopa nalo. M'masamba otsalawo muli chithunzi cha choimbira chimene azungu amati hapu, ndi miyeso yake yonse. Ndi uja m'Baibulo timati zeze wa Davide, koma musaganize za zeze wa kwathu wa chingwe chimodzi. Uyu ndi wamtali kufika m'chiuno, wa ngodya zitatu: bokosi lolira, khosi lopindika pamwamba, ndi mzati kutsogolo. Zingwe zake n'zokwana makumi awiri ndi ziwiri. Ndaganiza zopanga wanga.

Ndikudziwa kuti mwayamba kuseka. Mwakumbukira mpando uja ndinakhomera amayi, umene unkafuna khoma kuti uime. Ndinali mwana nthawi imeneyo. Tsopano ndili ndi sowo, matchizulo awiri, ndi puleni wobwereka kwa mmisiri wa kumpingo. Matabwa ndinapeza kwa ocheka m'nkhalango, mbawa wa khosi ndi mzati, mkungudza wa pamaso pa bokosi. Kuno thabwa siliuma lokha chifukwa cha nkhungu, choncho akhala kale miyezi inayi pamwamba pa moto kukhitchini. Flora akuti anakwatiwa ndi mphunzitsi, sanauzidwe za matabwa.

Chimene ndikusowa ndi waya. Waya wopezeka kuno ndi wa mabuleki a njinga, ndipo eni njinga amaufunabe. Kodi alamu sangandipezereko ku galaja kwawo waya wachitsulo wosalala, wa mitundu itatu: wonenepa pang'ono, wapakati, ndi wowonda ngati ulusi? Ndaika chojambula changa m'kalata muno kuti aone ntchito yake.

Mundiuzeko za amayi ku Ntcheu. Sindinamve kanthu chiyambire Pasaka.

Ndine mlongo wanu,
Wallace


Limbe
30 Meyi 1976

Achimwene,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo inde, ndinaseka. Tonse tili bwino. Amayi ndinawaona sabata yatha. Mwendo uja ndi womwewo, pakamwa ndi pomwepo. Akufunsa ngati ku Chitipa kulibe atsogoleri a mpingo okuletsani kusewera.

Waya ndatumiza dzulo pa positi. Alamu anu anaufunafuna masiku atatu, akudandaula masiku onse atatu. Akuti mukanapempha nsapato akanamvetsa. Chojambula chanu anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchitembenuza, kenaka n'kundifunsa kuti munthu amakhala mbali iti. Komabe wayawo anasankha okha, n'kukulunga okha bwinobwino m'pepala la simenti. Dzina la wotumiza anakana kuti tilembe. Akuti masiku ano dzina la munthu lizikhala m'thumba mwake pamodzi ndi khadi la chipani, lizituluka pokhapokha wina walifunsa.

Musawaone ngati amantha chabe. A Lucius aja, akalaliki oyandikana nafe amene munacheza nawo pa Khirisimasi, anasamuka mwadzidzidzi mwezi watha. Jekete lawo anasiya pa mpando ku ofesi. Akazi awo abwerera kumudzi ndi ana, ndipo m'nyumbamo mwalowa ena. Mzere wathu wonse tikukamba za mitengo ya tomato.

Rodwell, dalaivala wa lole uja amabwera kwanuko kudzatenga khofi, anandiuza kuti mwaonda. Muzidya, zeze sadzakulerani ana. Mukamaliza mundiuze, kuti ndidziwe ngati nayenso akufuna khoma.

Moni kwa mlamu wanga Flora ndi kwa Grace.

Ine,
Esnat


Misuku
27 Juni 1976

Achemwali,

Moni nonse. Phukusi lafika patatha masabata atatu. Simunanene kuti munamanga ndi chiyani, koma lafika lomangidwa ndi khonje, mfundo yake ya munthu wothamanga. Waya ulimo wonse. Muwathokoze alamu, asankha ngati anaona bukulo.

Vuto la waya wokulungidwa ndi lakuti sufuna kuwongoka. Ukaumasula umabwerera n'kukukwapula kumaso. Ndiye ndamanga mawaya anayi aatali kuchokera pa denga mpaka pa mtengo wa mapeyala kumunsi kwa nyumba, uliwonse ndi mwala wolendewera kumapeto. Akhala choncho sabata imodzi tsopano ndipo akuwongoka ndithu. Mphepo ikamawomba kuchokera ku mtsinje wa Songwe amalira okha pang'ono.

Bokosi loyamba linandikanika. Linapindika ngati bwato, ndipo aphunzitsi anzanga atalipeza pakhonde anafunsa ngati ndikukonzekera maliro a mphaka. Kuyambira tsiku limenelo ndimagwirira ntchito m'chipinda chakuseri, chitseko chotseka, ndipo ndikamapita kusukulu ndimakhoma loko. Bokosi lachiwirili likuyenda. Ntchito yovuta ndi kupala thabwa la pamaso. Likakhala lokhuthala silimveka, likapyapyala kwambiri mawaya adzaling'amba. Ndiye ndimapala pang'ono, n'kuika khutu pa bokosi, n'kugogoda ndi chala, n'kumvetsera, n'kulemba pa pepala pamene pakadali pokhuthala. Madzulo onse amatha choncho.

Lachinayi kunabwera a Mackson, wapampando wa nthambi ya chipani kuno. Anandipeza khutu lili pa bokosi, iwo ali pa windo. Sindidziwa anaimapo nthawi yaitali bwanji. Ndinatuluka, n'kukhoma chitseko, n'kuwalandira pakhonde. Anafunsa za makhadi a chipani, ndinawaonetsa onse awiri. Anafunsa za mawaya, ndinati ndikuwawongola. Anafunsa kumene anachokera, ndinati kumwera. Kenaka anati aone za m'chipindamo. Ndinawauza mwaulemu kuti chinthucho sichinathe, adzaona pamodzi ndi anthu onse. Bambo ameneyu nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala ili pamsika, ndipo ine kusekedwa kawiri sindifuna.

Tiyi amene Flora anawapatsa sanamwe. Mwina shuga anachepa.

Zikhomo zomangirira mawaya ndikusula kuchokera ku misomali ikuluikulu. Ndamaliza zisanu ndi zinayi. Pofika Ogasiti mudzamva mbiri yanga.

Wallace


Limbe
11 Julayi 1976

Wallace,

Moni ndipereka kumapeto. Werenga kaye izi, ndipo uchite lero lomwe, osati Loweruka.

Tsitsa mawaya aja pa denga. Chotsa loko pa chitseko. Nyamula chinthu chakocho, chakutha kapena chosatha, upite nacho kutchalitchi ukachiike kutsogolo kuti aliyense achione ndi kuchigwira. Itana a Mackson, uwakhazike pa mpando wabwino, uwapatse bukulo m'manja, uwaonetse chithunzi ndi chala. Uwapemphe nzeru, ngakhale alibe. Akafuna kuseka aseke, aitane ndi anzawo adzaseke. Kusekedwa sikunachotsepo munthu pa nyumba yake.

Usandifunse chifukwa m'kalata. Unapita kusukulu kuposa ine. Tuluka panja, utsikire kumsewu, utembenuke, uyang'ane nyumba yako ngati ndiwe mlendo wochokera ku boma amene sanaonepo zeze wa Davide. Uone mawaya kumene alowera, ukumbukire mtsinje umene uli kuseri kwa mapiriwo ndi dziko limene lili kutsidya kwake. Kenaka uganize za munthu wotsekera chitseko, khutu pa bokosi, akulemba pa pepala.

Phukusi lija ndinamanga ndi ulusi woyera wa thonje, mfundo zitatu.

Ndiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri. Tonse tili bwino. Moni kwa Flora.

Esnat


Misuku
8 Ogasiti 1976

Monire alamu a Esnat,

Ndine Flora. Kalata iyi sindiponya pa positi, ndapatsa a Rodwell m'manja. Mundikhululukire Chichewa changa, kalata ndimalembera abale anga okha.

Bambo a Grace kulibe. Anawatenga Lachiwiri pa 20 Julayi, nthawi ya buleki kusukulu, ana akuona. Kalata yanu yowauza kuti atsitse mawaya inafika Lachisanu lake. Ndinawerenga ndekha.

Tsiku limene anawatengalo ndinali m'munda wa khofi. Nditaona galimoto yaima pasukulu ndi anthu atatu osawadziwa, ndinathamangira kunyumba. Kwathu kuno tikudziwa kuti anthu otere akabwera amayamba ndi mapepala, ndipo pepala lililonse limapeza mlandu wake. Ndinathyola loko, ndinatenga buku lija lachingerezi, mapepala a manambala, ndi makalata anu, ndinaika zonse pa moto. Pamene amafika zinali phulusa. Ndinaganiza kuti ndachita bwino. Anatenga zeze, mawaya, ndi zida zonse, mpaka puleni wa eni ake.

Ndapita ku boma kawiri. Ulendo woyamba anandibweza pa geti. Wachiwiri bwana wina anandilowetsa. Akuti anthu anena kuti bambo a Grace amapanga wayilesi yolankhulira ndi adani a boma amene ali kutsidya kwa Songwe. Akuti waya unabwera wopanda dzina la wotumiza, ndipo munthu wosabisa kanthu sabisa dzina. Ndinati ndi choimbira. Anati eni ake akuteronso, ndipo akuti kunyumba kuli buku la chithunzi chake. "Bweretsani bukulo, mayi, nkhani ithe."



Anandilola kuwaona pang'ono. Aonda chomene, ndevu zamera. Anandiuza pamene buku lili, pansi pa matiresi, ngati ine sindikudziwa. Nditawauza zimene ndinachita anangofunsa ngati Grace akudya. Kukalipa kukanakhala bwino.

Bwanayo akuti pakapanda umboni pofika kumapeto kwa mwezi uno awatumiza kumwera, ndipo inu mukudziwa kuti opita kumeneko sauzidwa tsiku lobwerera. Bambo a Grace akuti anakutumizirani chojambula mwezi wa Meyi, cholembedwa dzina la chinthucho ndi tsiku. Chonde mupatseni Rodwell pobwerera. Ndi chokhacho chatsala.

A Mackson akakumana nane panjira amayang'ana nthochi. Ahedi akuti nyumba ya sukulu ndikhalemo kaye mpaka amve.

Yewo chomene,
Flora


Limbe
17 Ogasiti 1976

Mlamu wanga Flora,

Rodwell anafika Lachisanu ndipo akunyamuka mawa, ndiye ndilemba mwachidule. Musadzizunze ndi za bukulo. Mverani zanga.

Chojambula palibe. Tsiku limene ndinawerengera bambo a kuno kalata ya mawaya pa denga, anadikira ndipite kuntchito, n'kutenga makalata onse a Wallace ndi chojambula chomwe m'sutikesi, n'kuwotcha pa mbaula. Anandiuza madzulo ake, akunyadira. Ndiye inu mwawotcha uko, ife tawotcha kuno. Banja lonse ndife ochenjera mofanana.

Loweruka ndinayenda m'masitolo a mabuku kufuna chithunzi cha chinthu chimenechi. Ndapeza kabuku ka ana ka nkhani za m'Baibulo. Davide alimo, koma wanyamula kanthu kakang'ono ngati makwerero a nkhuku, kosafanana n'komwe ndi zimene Wallace anajambula. Ndatumizabe. Mwina bwanayo amapemphera.

Chachiwiri chili mu envelopu yaing'onoyo. Ndi kalata yachingerezi, ndataipa ndekha pa makina kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Ikunena kuti waya uja ndinatumiza ndine, pa 29 Meyi, mlongo wanga atandipempha kuti apangire choimbira cha zingwe makumi awiri ndi ziwiri. Ndalemba dzina langa lonse, nambala ya nyumba, ndi kumene ndimagwira ntchito, ndipo ndasaina. Za galaja ndi za bambo a kuno sindinatchule. Iwonso sakudziwa kuti ndalemba. Akanadziwa, mbaula ikanayakanso.

Mukapita ku boma muvale chitenje cha chipani, mubereke Grace. Kalatayo musapereke kwa munthu wa pa geti kapena wa pa kauntala. Mudikire bwana yemwe uja, ngakhale tsiku lonse, mumupatse m'manja, ndipo muone kuti watsegula.

Amayi sindinawauze. Akudziwa kuti Wallace watanganidwa ndi mayeso.

Kuyambira Lachisanu galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pa msewu wathu ndimasiya chimene ndikuchita. Ndiuzeni chilichonse, chabwino kapena choipa.

Mlamu wanu,
Esnat


Misuku
19 Seputembala 1976

Achemwali,

Ndine. Ndili kunyumba kuyambira pa 10. Kalata iyinso ikubwera ndi Rodwell. Thupi lili bwino, kungoti buluku likufuna lamba watsopano. Grace anandithawa masiku awiri mpaka nditameta.

Kalata yanu ndi imene inandisunga ku Chitipa. Galimoto ya kumwera inanyamuka pa 30 Ogasiti ndi anthu anayi amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi. Ine anandisiya, chifukwa bwana anati popeza waya wapeza mwini wake, aitane kaye munthu wodziwa mawayilesi adzaone chinthucho. Munthuyo anatenga masiku khumi kuti afike. Anazungulira zeze kawiri, anasuzumira m'bokosi ndi tochi, anafunsa polowera mabatire. Kenaka anati iye wakonza mawayilesi zaka zambiri, ichi si wayilesi, koma chimene chili sakudziwa. Kabuku ka Davide anakaona onse, ndipo kanangoonjezera mafunso.

Bwana anati sangalembe mu lipoti kuti anagwira chinthu chosadziwika. Ngati ndi choimbira, chiimbe.

Apa ndiye ndinachita mantha kuposa masiku onse. Zikhomo zinalipo zisanu ndi zinayi zokha, ndipo waya ndinali ndisanamangepo ndi umodzi womwe. Buku linkati mawaya amakokedwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri, kupanda kutero thabwa limang'ambika. Ine anandipatsa pulayala ndi ola limodzi. Komanso pali chinthu chimene sindinakuuzeni m'makalata onse aja, chifukwa inenso sindinachiganizire: sindidziwa kuimba zeze. Miyezi yonseyi ndinkaganiza za matabwa.

Ndinamanga mawaya asanu ndi anayi pa tebulo la bwana. Chikhomo chilichonse ndikapotoza, bokosi linkalira ngati chitseko chakale, ndipo thabwa la pamaso linkatukuka ndikuliona. M'chipindamo munali bwana, wa mawayilesi, alonda awiri, ndi a Mackson amene anaitanidwa ngati mboni, atavala tayi.

Bwana anati, "Tiyeni, aphunzitsi."

M'mutu mwanga munalibe nyimbo ina koma imene ndimaimbitsa ana m'mawa uliwonse pa mbendera, nyimbo ya fuko. Ndinayamba kuifunafuna ndi chala chimodzi. Pofika pa liwu lachisanu mlonda mmodzi anaizindikira, n'kuimirira njo. Mnzake anatsatira. A Mackson anadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa. Bwana anayang'ana onsewo, n'kuika cholembera pansi, n'kuimirira nayenso.

Ana anga amaimaliza m'mphindi imodzi. Ine inanditengera mwina khumi, chifukwa liwu lililonse ndinkayamba ndalisaka, ndipo mawaya ankamasuka ndikuimba. Pakati penipeni waya wowonda unaduka n'kundicheka pa dzanja. Kuima sindikanatha, nyimbo imeneyi munthu saisiyira panjira pamaso pa anthu otere. Ndiye paliponse pofunika waya umenewo ndinkang'ung'udza ndi pakamwa, magazi akudontha pa mkungudza. Palibe anaseka. Palibe akanayamba. Amuna asanu anaima chilili, maso pa khoma, kudikira kuti ndipeze liwu lotsatira.

Nditamaliza, bwana anakhala pansi n'kupukuta kumaso. Anafunsa a Mackson ngati imeneyi ndiyo wayilesi imene ananena. A Mackson anati iwo anangonena za mawaya, zina zonse ananena ndi anthu. Bwana analemba mzere umodzi, n'kundiuza kuti nditenge katundu wanga ndipo ndisadzamangenso kanthu pa denga la boma.

Tinabwerera pa lole imodzi ndi a Mackson. Anandithandiza kukweza zeze, ndipo njira yonse ankauza anthu kuti iwo anaona kalekale kuti mphunzitsi ameneyu ali ndi luso. Thabwa linang'ambika tisanafike pa mphambano. Zeze ali pakhonde, aliyense wodutsa amamuona. Kusukulu ndayambiranso Lolemba. Flora ndamuuza kuti za buku zinatha, koma akudzukabe m'mawa kwambiri kukasesa pamene pasesedwa kale.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Zida anandibwezera zonse, ndi kabuku ka Davide komwe. Kalata yanu sanabweze. Ndinaiona bwana akuiboola n'kuimanga m'failo. Ndili pa chitseko kutuluka anandiitananso, n'kufunsa kuti mayi wotaipa makalata mu ofesi waya wachitsulo wa mitundu itatu amaupeza kuti, ndipo mayi ameneyu amuna ake ndani, amagwira ntchito yanji.

Ndinayankha, achemwali. Cholembera chinali kale m'manja mwake, ndipo ndinaona pa nkhope yake kuti akufunsa chinthu chimene angachipeze ndi telefoni imodzi. Analemba dzina la alamu, n'kundifunsa ngati walemba bwino. Mwina failoyo aiika m'kabati n'kuiwala, chiswe n'kuchita ntchito yake. Mwina ayi. Sindidziwa, ndipo palibe woti ndimufunse.

Inu munaika dzina lanu pa pepala chifukwa cha ine, ndipo mawu othokozera zimenezo ndilibe. Koma alamu sanaike lawo, ndipo lalembedwa. Auzeni lero, musanaphike, musanachite china chilichonse. Asadzamve kwa anthu a galimoto.

Mlongo wanu,
Wallace